Zala zitatu za m'botolo la anganga

Botolo lomaliza silinkadzaza. Anganga ankayeza mosamala, chigubu chimodzi cha mutu wa kachasu, chigubu china cha madzi a pachitsime, zonse ziwiri mpaka pa mzere umene anaulemba okha ndi msomali wamoto. Ankakhuthulira zonse m'ndowa imodzi, n'kuyamba kugawira m'mabotolo a Fanta amene ine ndinkakhala nditawatsuka m'mamawa. Zigubu ziwirizi, mukazidzaza madzi okhaokha, zinkakwana ndendende mabotolo amene anali pa thandala, osatsala dontho. Koma likakhala tsiku la kachasu, botolo lomalizalo linkaperewera zala zitatu.

"Iwe, tabwera kuno," ankatero osacheuka n'komwe. "Tandipumira."

Ndinkasendera pafupi n'kuwauzira mpweya. Ankanunkhiza, n'kupukusa mutu. M'nyumba monse munkanunkha mowa, moti mphuno sikanatha kuweruza mlandu.

"Si ine, anganga."

"Nanga ndi khoswe?"

Mlandu unkaimira pomwepo, wosagamulidwa, mpaka sabata inayo.

Umu munali mu 1994, ine ndili ndi zaka 10, m'mudzi wina kufupi ndi doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Ogula ambiri anali asodzi. Ankatha masabata ali pa zimbowera, timisasa toyandama timene amamanga pakati pa njedza, ndipo akatuluka kumtunda, matemba atagulitsa, m'thumba munkakhala motentha. Mutu, womwe ndi mowa woyamba kudontha mbiya ikatentha, anganga sankagulitsa wokhawokha kwa aliyense. Ankati umagwetsa munthu asanalipire. N'chifukwa chake ankausungunula ndi madzi. Kachasu sindimutamanda ayi, ndaika maliro a amuna amene anawadya chiwindi. Koma makope anga, nsapato zanga zoyamba, ndiponso fizi ya ku sekondale zinadontha kuchokera pa paipi yake, ndiye sindingamulankhule ngati mlendo.

Panali chinthu china chimene ndinkachiona koma osachiuza munthu, poopa kuti andifunsa chimene ndinkafuna pafupi ndi ndowa. Mutu unkagona m'nyumba usiku wonse n'kuzizira. Madzi a pachitsime nawonso ozizira. Koma zikangokumana, ndowa ija inkafunda. Ukaika chikhatho kunja kwake unkamva ngati wagwira mimba ya mwana wa mbuzi. Timathovu ting'onoting'ono tinkakwera kuchokera pansi, madzi n'kuyera mbuu kwa kanthawi, kenaka n'kukhalanso mbee. Pansi pa ndowa panalibe moto.

Patapita zaka 10 ndinapezeka ndili mu labotale ku Chancellor College, mtunda wosakwana maola awiri pa njinga kuchokera kwathu. Anatipatsa timabotolo tagalasi tokhala ndi mizere, natiuza kuti tiyeze mamililita 50 a madzi ndi mamililita 50 a ethanol, chimene chimaledzeretsa mu mowa uliwonse, koma iyeyu wopanda madzi. Tithire pamodzi, tiwerenge. Mwana wa sitandade 2 angakuuzeni kuti 50 kuphatikiza 50 ndi 100. Mzere unaima pa 96. Choyezera kutentha chimene tinaviikamo chinakwera madigiri angapo tikuona. Anzanga anayamba kuyang'ana pansi pa tebulo ngati ataya. Ine ndinaseka mokweza mpaka aphunzitsi anandiyang'ana, ndipo sindikanatha kuwafotokozera kuti khoti langondipeza wosalakwa pa mlandu wa zaka 10.

Madzi ndi ethanol zonse ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene asayansi amati mamolekyu. Pophunzitsa ana, ambiri timakonda fanizo la dengu la mtedza wosasenda: thiranimo mbale ya mawere, mawerewo alowa m'mipata, dengu silikwera. Nanenso ndalinenapo kambirimbiri m'kalasi. Ndi fanizo lothandiza koma lili ndi kabodza, chifukwa mtedza sukoka mawere. Tizidutswa ta madzi ndi ta ethanol timakokana. Tikakumana timagwirana mothinana kuposa mmene tinalili uku ndi uku, ndiye malo amene tonse tikufuna amachepa. Ndipo zinthu zikagwera m'kugwirana kolimba zimataya mphamvu ina, imene imatuluka ngati kutentha. Kufunda kwa ndowa ndi kusowa kwa zala zitatu zija zinali mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Dmitri Mendeleev, yemwe dziko limamudziwa chifukwa cha tchati chija chimapachikidwa m'kalasi iliyonse ya Chemistry, digiri yake ya udokotala anaipeza mu 1865 ku St Petersburg polemba za nkhani yomweyi, kuphatikizana kwa mowa ndi madzi. Ndikaganiza kuti munthu wamkulu chonchi anatha miyezi akuyeza chimene anganga ankandikalipira nacho, mtima umakhala m'malo.

Komabe funso limene linandigwira kwambiri silinali la zala zitatu. Linali lakuti, n'chifukwa chiyani zimasakanikirana n'komwe, ndipo zikatero bwanji sizibwerera? Anganga sankatakasa ndowa ija kwenikweni. Ngakhale akanaisiya osaigwira, tsiku lotsatira mowa wa pamwamba ndi wa pansi ukanakhala wofanana mphamvu. Ndipo ndowayo itakhala zaka 100 yotsekedwa, sipadzakhala m'mawa umene mudzapeze mutu wakwera wokha pamwamba, madzi atsikira pansi. Makolo anaona kale zimenezi pamene ankati madzi akatayika saoleka. Nthambi ya sayansi yotchedwa thermodynamics, imene inabadwa anthu akufuna kumvetsa injini za nthunzi, ntchito yake yaikulu ndi kufotokoza chifukwa chimene mwambi umenewu sunama.

Yankho lake n'lochititsa manyazi kuphweka kwake. Tengani nyemba 10 zofiira ndi 10 zoyera, muzindandalike pa mzere umodzi. Pali njira 184,756 zozindandalikira. Mwa njira zonsezi, ziwiri zokha ndi zimene zofiira zonse zili mbali imodzi, zoyera zonse mbali ina. Muziike m'chitini, mugwedeze, mukhuthule pa mzere mutatsinzina. Palibe chimene chikuletsa kuti zituluke zitapatukana, kungoti njira zosakanikirana zachuluka kwambiri moti mudzatopa musanazione. Apa ndi nyemba 20 zokha. Mu supuni yaing'ono ya madzi muli tizidutswa toposa nambala ya 1 yotsatidwa ndi maziro 23, ndipo sitifuna wogwedeza, kutentha komwe kuli m'nyumba kumatigwedeza usana ndi usiku. Kusakanikirana si chilakolako cha madzi. Ndi kuchuluka kwa njira basi. Rudolf Clausius anachipatsa chinthu chimenechi dzina loti entropy m'chaka chomwecho cha 1865, ndipo Ludwig Boltzmann ndiye anadzaonetsa kuti pansi pa dzinalo pali kuwerenga njira ngati kumene tachita ndi nyembaku.

Amene anaika zonse pa sikelo imodzi ndi Josiah Willard Gibbs wa ku Yale, ku America, m'zolemba zake za pakati pa 1875 ndi 1878. Mwachidule, zinthu ziwiri zikakumana pali mafunso awiri. Loyamba: kodi tizidutswato tigwirana bwino tikakhala pamodzi, kapena tinali bwino kwathu? Lachiwiri: kodi kusakanikiranako kutsegula njira zochuluka bwanji? Mayankho awiriwa amakokana ngati pa chingwe, ndipo lachiwirilo limanenepa kutentha kukamakwera. Mowa ndi madzi zimaloledwa, ndowa n'kufunda. Feteleza wa Urea nkhani yake ndi ina. Aliyense amene anamusungunulapo m'keni kuti athirire mpiru kudimba amadziwa kuti madziwo amazizira mpaka zala kuchita dzanzi. Apa funso loyamba likukana, pamafunika mphamvu kuti timibulu tija tiphwasuke, koma lachiwiri likukoka mwamphamvu moti fetelezayo amasungunukabe, n'kulanda kutentha kwa madzi ndi kwa dzanja lanu kuti alipirire. Mafuta ophikira ndi madzi ndiye amakaniratu. Ndinkaganiza kuti n'chifukwa choti zimadana, koma nkhani yake ndi yakuti tizidutswa ta madzi, tikapezeka pafupi ndi ka mafuta, timakakamizika kundandana mozungulira ngati mpanda, n'kutaya ufulu wake woyendayenda. Njira zimachepa m'malo mochuluka. Choncho madzi amakankhira mafuta pamodzi kuti mpanda ukhale waufupi, ndipo timaona timaso tija tikuyandama pa msuzi.

Zonsezi ndikanatha kuziphunzira kulikonse. Koma munthu wokulira ku Chilwa ali ndi mwayi wina, chifukwa nyanja yathu ndi ndowa yaikulu imene phunziroli limachitikiramo chaka ndi chaka, anthu akuona ndi kulawa.

Chilwa ilibe potulukira. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire. Chiuta, imene yangolekana ndi ife ndi mtunda wa mchenga umene padutsa njanji yopita ku Nayuchi, imatulutsa madzi ake kudzera ku Amaramba mpaka mu mtsinje wa Lugenda ku Mozambique, ndipo madzi ake ndi okoma. Ife ayi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani, yonse imangothira. Madzi a m'mitsinjeyi mukawamwa ku phiri simungamve mchere, komatu ulimo, pang'ono zedi, wosungunuka kuchokera m'miyala ndi m'dothi la ku Zomba ndi ku Mulanje. Ukafika m'nyanja, khomo ndi limodzi lokha, la kumwamba, ndipo pa khomo limenelo mchere saulola. Dzuwa limatenga madzi okha. David Livingstone ndi John Kirk atafika pa nyanjayi pa 18 April 1859 analawa madzi n'kuwapeza owawira ndi a mchere pang'ono, ndipo Livingstone anaganiza bwino kuti mwina n'chifukwa choti nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo. Agogo athu sanafune mzungu kuti awauze, ankadziwa kale kuti tiyi wa madzi a m'nyanja sakoma.

Mukatunga madzi a pa Kachulu m'botolo, amakhala otuwa ngati phulusa. Lisiyeni pa windo masiku angapo, matope ambiri adzakhala pansi. Matope sanasungunuke, anangonyamulidwa, ndiye mphepo ikaleka kuwavundula amatopa n'kugona. Koma lawani madzi a pamwambawo. Mchere uli pomwepo, ndipo sudzagona pansi ngakhale mudikire mpaka imvi. Kusiyana kwa chonyamulidwa ndi chosungunuka ndinakuphunzira pa windo la anganga ndisanadziwe kuti kuli ndi mayina m'mabuku.

Nthawi ya dzinja ndinkakonda kupita ndi malume kumene Likangala amathira m'nyanja. Madzi a mtsinje amabwera ofiira ndi dothi la m'minda, n'kulowa m'madzi otuwa ngati lilime. Kwa kamtunda ndithu mumatha kuloza ndi chala kuti awa ndi a mtsinje, awa ndi a nyanja. Kenaka malire aja amayamba kunyenyeka, mphepo n'kumaliza ntchito, poti nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri nsungwi yokankhira bwato imagunda pansi. Palibe phokoso, palibe thovu, koma pamenepo pakutayika mphamvu. Akatswiri anawerengera kuti mtsinje wa madzi okoma ukamalowa m'nyanja yaikulu ya mchere, imene lita iliyonse imakhala ndi magalamu 35 a mchere, mphamvu imene imamwazika pa kusakanikiranako ndi yofanana ndi madziwo atagwa pa mathithi otalika mamita pafupifupi 270. Victoria Falls ndi mamita 108. Ku Tofte, m'dziko la Norway, mu 2009 anayesapo kumanga malo opangira magetsi kuchokera pa kukumana kotereku, koma magetsi ake anali ochepa ndipo patapita zaka zochepa anazisiya. Mchere wa Chilwa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa ku Beira kapena Nacala, ndiye mathithi athu osaonekawa ndi aafupi. Koma alipo.

Mu 1995 ndinaona mbali ina ya nkhaniyi. Mvula inavuta zaka zotsatizana, mitsinje inafooka, dzuwa silinapume. Nyanja inayamba kuthawa pa doko. Mabwato ankawakokera m'kati sabata iliyonse, mpaka anthu anatopa n'kuwasiya ali chigonere pa matope ong'aluka. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nsomba sizidikira kuti madzi athe. Madzi akamachepa mchere sukuchepa nawo, ndiye otsalawo amanka nawawa, amaterera m'manja ngati muli sopo, chifukwa mchere wa Chilwa si wa patebulo wokha, muli ndi soda. Makumba ndi matemba zinayamba kufa nyanja ikadali ndi madzi ofika m'mawondo. Zopulumuka ndi zimene zinathawira kumathiriro a mitsinje ndi m'maiwe, kumene madzi okoma ankasungunulako ukali uja, ndi milamba imene imapirira zimene nsomba zina sizingathe. Pomaliza anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena pa njinga, fumbi likuwuluka pamene kale pankadutsa maboti. Akuluakulu sanadabwe. Ankati zinateronso mu 1968, ndipo n'zoona: nthawi imeneyo akatswiri a Yunivesite ya Malawi anali m'kati mofufuza za nyanjayi, nalemba zonse, kuuma kwake ndi kubwerera kwake, m'buku limene Margaret Kalk ndi anzake anatulutsa mu 1979. Inadzaumanso mu 2018, ana a masiku ano naonanso ndi maso awo.

Asodzi atabalalika, ena ku Chiuta ena ku Malombe, kachasu anasowa womugula. Anganga sanakhale manja lende. Kudambo, kumene madzi anachoka, nthaka inatuluka zoyera pamwamba ngati yawazidwa ufa. Ankapita m'mamawa ndi chigoba n'kumapala dothi loyeralo, ine n'kumasenza. Kunyumba ankaliika mu mphika wobowola pansi, atayalamo udzu, n'kuthira madzi pamwamba. Madzi ankadutsa m'dothimo, n'kumadontha pansi ali ofiirira, atatenga mchere n'kusiya dothi. Mpaka apa zinali zaulere. Mchere unkalowa m'madzi wokha, mosakakamizidwa, monga mwa nyemba zija. Ntchito inkayamba pofuna kuutulutsamo. Madziwo ankawaika pa moto m'chiwaya, kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka kulowa, kuti potsiriza pakhale timbale tiwiri ta mchere wotuwa, wowawira kukhosi, wabwino kuphikira therere kuposa nyama.

Chichewa chili ndi mawu amodzi pa ntchito zonsezi. Timati kutcheza kachasu, kutcheza mchere, kutcheza chidulo. Mabuku a sayansi amazipatsa mayina osiyana, ndipo ali ndi zifukwa zawo, koma amene anaumba mawu athuwa anaona chimene chili chimodzi: munthu wakhala pansi, akudikira madontho, akulekanitsa chimene chinasakanikirana. Ndipo aliyense wotcheza amadziwa kuti mtengo wake ndi nkhuni. Kufunditsa lita ya madzi kuchokera pamene ili mu mtsuko mpaka iwire kumadya moto wochepa. Kuti lita yomweyo iphwe yonse, isanduke nthunzi, pamafunika moto wochuluka pafupifupi kasanu ndi kawiri. Kwathu kunyanja mitengo ndi yosowa, nkhuni zimabwera pa njinga kuchokera kumapiri ndipo owamba nsomba amazilimbirana. Anganga ankatolera mapesi, zitsononkho, njedza zouma, ndowe za ng'ombe. Sankadziwa dzina la Gibbs, koma akayang'ana mulu wa mapesi ankakuuzani timbale ta mchere timene titulukemo, osaphonya.

Dzuwa nalonso ndi wotcheza, wamkulu kuposa onse. Mbiya yake ndi nyanja, paipi yake ndi mphepo, chozizirira chake ndi phiri la Zomba, ndipo mutu wake ndi mvula. Pafupifupi madzi okoma onse amene timamwa pa dziko lapansi anachita kutchezedwa chonchi. Timawaona ngati aulere chifukwa nkhuni zake si ife tikugula. Mayiko a m'chipululu monga Saudi Arabia ndi United Arab Emirates, amene amamwa madzi ochotsedwa mchere ndi makina, amaudziwa mtengo wake. Makina abwino a masiku ano, okankha madzi pa kansalu kosalola mchere kudutsa, amadya mayunitsi a magetsi 3 kapena 4 pa malita 1,000 alionse. Akatswiri akhoza kuchepetsako, koma pali pansi pamene sangapyole, pafupifupi yunitsi imodzi, ndipo malire amenewa sanaikidwe ndi kuperewera kwa nzeru. Ndi mphamvu yomwe ija inatayika mwakachetechete tsiku limene mchere unalowa m'madzi, ikufuna kubwezedwa.

Pali malire enanso amene anganga sanafikeko koma anali kuwadikira. Mowa umawira msanga kuposa madzi, pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100, n'chifukwa chake nthunzi yoyamba imakhala yaukali. Mukatcheza mutu kachiwiri umakula mphamvu, kachitatu umakulanso. Munthu angaganize kuti akapitiriza adzafika pa mowa wopanda dontho la madzi. Sizitheka. Ukafika pa magawo pafupifupi 96 pa 100 alionse, nthunzi imene ikutuluka imakhala yofanana ndendende ndi zimene zatsala mu mbiya. Mowa ndi madzi otsalawo zimakwera limodzi, zimatsika limodzi. Mutathera nkhalango yonse ya pa phiri la Zomba pansi pa mbiya, magawo 4 aja sachoka. Ofuna ethanol wouma amachita kugwiritsa ntchito njira zina, monga kumudutsitsa pa timiyala tokhala ndi timabowo tokwana kadutswa ka madzi koma kosakwana ka mowa.

Izi si za m'buku zokha, chifukwa dziko lathu ndi limodzi mwa oyamba mu Africa kusakaniza ethanol ndi petulo. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga mu 1982 kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ina inadzatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Petulo amene timathira m'galimoto ndi m'njinga zamoto ali ndi mbale wake wa kachasu m'kati. Ethanol amakhala bwinobwino ndi petulo malinga ngati palibe madzi. Madzi akangolowa opitirira muyeso, ethanolyo amasankha madzi.

Ndinaziona chaka china mafuta atasowa m'dziko muno. Ndinakwera boti la injini pa Kachulu kupita ku Chisi ku maliro. Mwini boti anali atagula petulo wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Titafika pakati injini inatsokomola kawiri, n'kuzima. Anakoka chingwe mpaka thukuta, osayaka. Mayi wina anayamba kupemphera chapansipansi. Mnyamata wothandizira, wa zaka ngati 15, anachotsa kapaipi ka mafuta n'kudonthezera m'botolo la pulasitiki, nalikweza kudzuwa. Munali zigawo ziwiri, mzere wowongoka pakati ngati wojambula ndi rula: pamwamba petulo, pansi madzi otuwira okwana chala ndi theka.

"Atithirira madzi, bwana," anatero.

Mwini boti anatukwana anyamata aja mpaka makolo awo. Ine ndinakhala chete. Mwina anathiradi, mwinanso chigubucho chinali chonyowa kapena chinagona chosatseka, poti ethanol amakoka chinyezi ngakhale cha mu mpweya. Ndipo za pansizo sizinali madzi okha. Madzi ochepa amene analowa anakoka ethanol kumuchotsa mu petulo, awiriwo n'kutsikira limodzi pansi pa thanki, pomwe pali kamwa ya kapaipi. Theka la supuni limatha kuoneka ngati supuni zingapo. Ndinafuna kunena kuti mlanduwu ungakhale wocheperapo kuposa mmene botolo likuonetsera, popeza ndikudziwa kuwawa kwa kuweruzidwa ndi botolo. Koma pakati pa nyanja, maliro akudikira, si malo ophunzitsira. Mnyamata uja anapendeketsa thanki, natsanulira za pansizo m'chitini mpaka petulo woyera anayamba kubwera, injini n'kuyaka.

Anzanga ena akamva ndikukamba zimenezi amafulumira kuzisandutsa fanizo la anthu. Amati taonani ku Chilwa kuno, Anyanja, Ayao, Alomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique, tonse tinasakanikirana ngati madzi a mitsinje isanu, ndani angatilekanitse? Mawuwa ndi okoma pa ukwati, koma ine ndimawaopa. Kadutswa ka madzi ka mu Domasi kakalowa m'nyanja sikakumbukira kumene kachokera. Anthu amakumbukira. Anganga ankawerenga mabotolo awo m'Chilomwe mpaka tsiku lomaliza, ngakhale china chilichonse ankalankhula m'Chinyanja. Sayansi iyi ndi ya zinthu zopanda chikumbumtima, ndipo ndi bwino kuisiya komweko.

Tchuthi chotsatira tsiku lija la mu labotale ndinapita kumudzi ndi kabotolo ka mizere kamene mnzanga wina anandibwereka, ndi spiriti wogula ku famase. Anganga anali atasiya kutcheza, maso atayamba kuchita nkhungu, mbiya ija akusungiramo mpunga. Nyanja inali itabwerera pa doko, ndipo fungo la matemba oyanika linkafika mpaka pakhonde. Ndinayala mkeka, n'kuwaitana ngati ndikuitana mboni.

Ndinayeza spiriti, ndinayeza madzi, n'kuwagwiritsa chala pa mzere pamene zonse ziwiri zinayenera kufika. Nditathira pamodzi ndinawapatsa kuti agwire. Anakafumbata ndi manja awiri, namva kufunda kuja, n'kukayandikiza ku diso lawo labwinoko. Chala chawo chinali pamwamba, madzi ali pansi pake.

"Mwaona, anganga? Zimachepa zokha. Zaka zonse zija sindinali ine."

Anakhala chete kanthawi, akutembenuza kabotoloko.

"Ndiye kusukulu kwanuko akuphunzitsani zimenezi?"

"Eya."

"Ndalama zonse zija?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mwana iwe, ine ndinayamba kutcheza amako asanabadwe. Ndingalephere kudziwa kuti mowa umamwa madzi ake? Zala ziwiri zinali za mowa. Zimenezo sindinkakufunsa."

"Nanga chachitatu?"

Sanayankhe. Anangondiyang'ana ndi diso lija, ndipo ndinakumbukira kachikho ka pulasitiki kobiriwira kamene ndinkabisa kuseri kwa nkhokwe, ndi mmene lilime linkachitira dzanzi, ndi masamba a bwemba amene ndinkatafuna pambuyo pake poganiza kuti amabisa fungo.

"Tenga ndowa," anatero, akundibwezera kabotolo. "Ukatunge ku mjigo wa kusukulu, wa pafupiwu wayamba mchere."